Chigubu cha Kuseri kwa Phiri

Nazigubu anafika kunyumba kwa mayi ake n'kupeza mipando ya pulasitiki itandandalikidwa kale pabwalo, ndipo mtima wake unawira. Inali mipando yobwereka, ina yoyera ina yobiriwira, ina yothyoka misana, mtundu umene umangotuluka pakakhala ukwati kapena maliro. Ukwati panalibe. Mlongo wake Mzime, msodzi, anali atapita panyanja ndi kaboti kake masiku angapo m'mbuyomo ndipo sanabwerere.

"Wabweretsa mipandoyi ndani?" anafunsa, chikwama chili paphewa.

Amayi ake anali pakhonde atatsamira khoma, maso atatupa. Kukhitchini mlamu wake, mkazi wa Mzime, ankatsuka makapu otsukatsuka kale. M'nyumba munatuluka amalume a Nazigubu, mkulu wa asodzi onse a padoko, amene anaphunzitsa Mzime kumanga mbedza ali kamwana. Ndi iwo amene ankatsogolera maboti ofunafuna. Nkhope yawo inali itapsa ndi dzuwa, milomo itang'ambika, ndipo ngakhale Nazigubu anali ndi ukali, anaona kuti munthuyu sanagone.

"Ndine," anatero amalumewo. "Khala pansi, mwanawe."

"Pampando wa maliro a ndani?"

"Tafufuza mpaka komwe phiri limabisika. Mafuta atha, anthu atopa, ana awo akufuna kudya. Nyanja ikatenga, yatenga. Abale akutali ayenera kuuzidwa."

"Kuseri kwa phiri mwapitako?"

"Kukatani kuseri? Amene anamuona komaliza anamuona kunsonga ya kumwera. Mphepo ya pamenepo ukuidziwa, imadutsa ngati yatumidwa. Chilichonse chogwera pamenepo chimapita kumadzulo, ndipo kumadzuloko n'kumene takhala tili."

Nazigubu analibe chogwira m'manja koma mkwiyo wokha. Anatembenuka n'kutuluka pageti osatsanzika.

Dzina lakelo anamupatsa ndi asodzi. Ankagwira ntchito ku ofesi yoona za nyengo ndi nyanja, kanyumba ka zipinda ziwiri pamtunda woyang'ana doko, ndipo nthawi ndi nthawi ankapita kukaponya m'nyanja zinthu zonga zigubu, zopakidwa penti yachikasu, zokhala ndi kamlongoti pamwamba. Chigubu chilichonse chinkayandama n'kumatsatira madzi, chikutumiza uthenga ku kompyuta yake kudzera pa setilaiti: pamene chafika, ndi mmene madzi a pamalopo akutenthera. Asodzi ankaseka mpaka kugwira nthiti. Sukulu yonse ija, mwana wa eni ake n'kumakataya zigubu m'madzi!

Komatu zigubuzo n'zimene zinamuonetsa chimene maso a munthu ali m'boti sangaone. Mphepo ya pachilumbacho imachokera kum'mawa pafupifupi chaka chonse, ndipo ikagunda phiri lalitali la pakati pa chilumba imagawika pawiri. Imatulukira kunsonga zonse ziwiri ili yolusa, koma kuseri kwa phirilo kumakhala bata loti utsi wa fodya umakwera mowongoka. Ndiye madzi akamakankhidwa mbali imodzi, mbali inayo ali phee, amayamba kuzungulira, monga amachitira tiyi ukamauzira m'mphepete mwa kapu. Nazigubu ankalitcha gudumu. Linali lalikulu kuposa chilumba chenichenicho, ndipo linkazungulira mwaulesi moti munthu ali pakati pake angalumbire kuti waima malo amodzi.

Mdani wamkulu wa zigubuzo sanali mafunde kapena dzimbiri. Anali Mzime. Nsomba zimakonda kusonkhana pansi pa chilichonse choyandama, choncho iye akapeza chigubu ankawedza pomwepo mpaka kukhuta, akatha n'kuchikweza m'kaboti kake n'kubwera nacho kumtunda. Ankafika nacho ku ofesi atachisenza pamutu, mano onse panja.

"Achemwali, mwataya ichi."

Ulendo woyamba anachita mosadziwa, ndipo Nazigubu anaseka. Maulendo otsatirawo anali mwano chabe wa mwana womaliza kubadwa, amene anakula akudziwa kuti palibe angamumenye. Koma chigubu chimodzi chikachotsedwa m'madzi, ntchito ya miyezi inkafera pomwepo. Tsiku lina Nazigubu anatsikira padoko n'kumupeza ali pakati pa anzake akukonza maukonde.

"Ukuganiza kuti sindikuona? Ukachikweza m'boti chimawombedwa ndi dzuwa, kompyuta n'kundiuza kuti nyanja yatentha ngati madzi osamba. Ndimadziwa nthawi yomweyo kuti ndiwe! Tamvera, Mzime. Ukadzakhudzanso chigubu changa, ngakhale ndi chala chimodzi, usadzanditchulenso kuti achemwali."

Anzake anaseka. Mzime nayenso anayamba kuseka, koma anaona nkhope ya mchemwali wakeyo, kusekako n'kuthera pakhosi. Kuyambira tsiku limenelo zigubu zinapuma, koma awiriwo ankangopatsana moni wa panjira ngati anthu ongodziwana. Nazigubu ankati adzakonza zinthu akadzapeza mpata. Paja madzi akatayika saoleka.

Tsopano anakwera chitunda cha ku ofesi, osati chifukwa chofuna ntchito, koma chifukwa ndi malo okhawo pachilumba ponse pomwe panalibe munthu womugwira dzanja n'kumuuza kuti alimbe mtima. Abwana ake anali kumsonkhano kutsidya, ndipo boti la ofesi linali pamatayala kuseri kwa nyumba, injini yake ili kwa amakaniko. Anatsegula mawindo, anapukuta mchere pagalasi la kompyuta ndi mkono wa bulauzi, n'kukhala pansi. Pamapu timadontho tachikasu tinali pomwe ankatiyembekezera, tikutsatana mozungulira kuseri kwa phiri.

Anatsegula kadontho kalikonse mwachizolowezi chabe, maganizo ali kwina. Mzere wa kutentha kwa madzi umakhala wogona, chifukwa nyanja sisintha msanga. Woyamba unali wogona. Wachiwiri chimodzimodzi. Atafika pa chigubu cha m'mphepete mwa gudumu, chakumwera, dzanja lake linaima.

Mzerewo unali wogona mpaka dzulo masana. Kenako unalumpha, n'kutsika, n'kulumphanso, n'kutsikanso, ngati mano a sowo. Dzuwa litalowa unagonanso. Lero m'mawa unali utayambiranso.

Anadziuza kuti chida chawonongeka, poti zida zimawonongeka. Koma chida chowonongeka sichigona usiku n'kudzuka m'mawa. Anadziuza kuti mwina ndi msodzi wina, koma maboti onse ankafunafuna kumadzulo ndi amalume, ndipo tsopano anali padoko. Ndipo pachilumba chonsecho panali munthu mmodzi yekha amene anauzidwa, pamaso pa anzake, zimene zimachitika chigubu chikakwezedwa padzuwa.

Mantha anamugwira kuposa chimwemwe. Ngati anali atalakwitsa, ndiye kuti akukadzutsa mayi ake pansi n'kuwagwetsanso kachiwiri, ndipo kugwa kwachiwiriko mwina sakanadzukanso. Kenako mzere uja unalandira uthenga watsopano, n'kukweranso iye akuona. Anatumiza malo a chigubucho pafoni yake n'kutsika chitunda chothamanga, chitseko cha ofesi chili pululu.

Pabwalo anthu anali atachuluka. Azibambo anali atakhala pamipando ija, amalume ali pakati akufotokoza za oti atumidwe kwa abale. Nazigubu anadutsa pakati pawo osagwada, osapereka moni.

"Malume, ndikufuna makiyi a boti lanu. Mzime ali kuseri."

Mayi wina amene ankalira chapansipansi anasiya.

"Wakuuza ndani?"

"Chigubu changa. Pali munthu akuchikweza m'boti n'kuchibwezeranso m'madzi, kuyambira dzulo."

"Kompyuta yakoyo yaona boti?"

"Ayi."

"Yaona munthu?"

"Ayi. Yaona chigubu chikutentha."

Wina kumbuyo anatsokomola pofuna kubisa kuseka. Amalume sanaseke. Analankhula motsitsa mawu, ndipo n'zimene zinamuwawa kwambiri Nazigubu.

"Mwanawe, inenso ndi mwana wanga uja. Ndakalamba ndi mphepo imeneyi. Ndaona maboti angati akupita kumadzulo? Mayi ako alira kale, ufuna alire kawiri? Khala pansi. Mawu a akulu akoma akagonera."

"Agonere mawu anuwo, malume, koma Mzime sagoneranso kumeneko. Mphepo mukuidziwa, sindikukana. Koma kaboti kodzaza madzi, kopanda injini, sikamvera mphepo, kamamvera madzi. Ndipo madzi a pansonga paja sapita onse kumadzulo, ena amapindikira kuseri. Mwafunafuna komwe mphepo inapita. Ine ndikunena komwe madzi anapita."

"Chisoni chakusokoneza mutu."

"Nenani kuti ndapenga, palibe kanthu. Paja wamisala anaona nkhondo."

Anagwira mpando wopanda munthu umene unali pafupi, n'kuusanjika pa unzake, n'kutenganso wina, phokoso la pulasitiki likumveka bwalo lonse. Bambo wina amene anali atangokhala kumene anadzuka yekha asanauzidwe.

"Muwabwezere eni ake mipandoyi," anatero Nazigubu. "Pano palibe wafa. Ine sindinaone mtembo, ndipo sindikhala pansi."

Apo m'pamene mlamu wake anatuluka kukhitchini, manja adakali onyowa. Anali munthu wosalankhulalankhula, mwana wa woyendetsa maboti a katundu, ndipo chiwongolero anachigwira asanadziwe kuwerenga. Jekete la amalume linali pamsomali kuseri kwa chitseko cha kukhitchiniko. M'dzanja lake munali makiyi.

"Alamu, tiyeni," anatero. "Botilo ndimalidziwa."

"Bweza makiyiwo, iwe!" anakalipa amalume, akudzuka.

"Achimwene, asiyeni."

Anali amayi, kuchokera pakhonde paja. Anali asanalankhule chiyambire m'mawa, ndipo mawu awo anali osasa.

"Ngati n'kulira kawiri, ndilira. Ndine mayi wake."

Akazi awiriwo anatsikira kudoko osacheuka. Anathira mafuta a boti la ofesi, amene Nazigubu anawatenga mopanda chilolezo cha aliyense, ndipo ankamasula zingwe pamene anamva mapazi olemera pamatabwa. Amalume anaponya m'botimo chigubu cha madzi akumwa ndi bulangeti, n'kutsikiramo okha, akuyang'ana kumbali.

"Mungandiphwanyire boti pansonga paja," anatero, n'kulanda chiwongolero.

Pansongapo mphepo inawalandira mwankhanza. Mafunde ankamenya botilo cham'mbali, madzi amchere akuwathira kumaso, ndipo Nazigubu, amene ankaidziwa mphepoyo ngati mivi yojambulidwa pamapu, anagwira chitsulo ndi manja onse awiri n'kusanza kawiri. Amalume ankadula funde lililonse mwaluso, maso ali patsogolo. Kenako phiri linabwera pakati pa iwo ndi kum'mawa, ndipo zonse zinangoti zii, ngati munthu walowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Nyanja inagona, kutentha n'kuwatsikira pamutu.

"Nena malo ako," anatero amalume.

Nazigubu anayang'ana foni. Inali itasiya kugwira, ndipo uthenga womaliza unali wakale ndithu.

"Musapite pomwe chinali. Gudumu layenda. Loweraniko kumanja, tikachidulire kutsogolo."

"Madzi awa akuyenda? Ali ngati a m'beseni."

"Akuyenda, malume."

Anapita komwe analoza. Anafika, ndipo panalibe kanthu. Nyanja inali yosalala mbali zonse, yowala mopweteka maso, popanda ngakhale mbalame. Anazungulira, anabwerera, anapitirira. Dzuwa linayamba kupendeka. Nazigubu ankayembekezera kuti amalume anena kuti ndinakuuza, ndipo akanakonda atanena, kuti apeze wokangana naye. Koma iwo ankangoyang'ana muyezo wa mafuta, kenako nyanja, kenako muyezo. M'maganizo mwake anaona mayi ake pakhonde, akumva boti likubwera, akudzuka.

"Otsalawa ndi obwererera," anatero amalume pomaliza, mofatsa.

"Zimitsani injini."

"Mwanawe..."

"Zimitsani! Sitibwerera ndisanamve ndi makutu anga kuti kuno kulibe munthu."

Injini inazima. Batalo linali lolemera moti ankamva madzi akunyambita m'mbali mwa boti. Nazigubu anaimirira n'kuitana dzina la mlongo wake mpaka kukhosi kunawawa. Palibe anayankha. Mlamu wake sanaitane. Anali atakwera padenga la botilo, dzanja lili pachipumi, akuyang'ana pang'onopang'ono monga anamuphunzitsira bambo ake.

"Apo," anatero. "Chachikasu. Chakwera... chatsika."

Kutali, m'munsi mwa kuwala kwa dzuwa, kadontho kachikasu kanatukuka pamwamba pa madzi, kanakhala kanthawi, n'kuzimirira. Amalume analiza injini n'kulunjika komweko.

Kabotiko kanali katamira theka, chivundikiro cha injini chili chotsegula, zida zili mbwee m'madzi a pansi. Mzime anali atagona chagada pathabwa, malaya ataphimba kumutu, khungu la m'mapewa litasupuka. Chigubu chija anali atachimangirira chingwe m'chiuno mwake, ndipo anali atachikumbatira pachifuwa, poti mphamvu yochibwezera m'madzi inali itamuthera. Mkazi wake analumphira m'kabotiko mabotiwo asanagundane n'komwe. Amalume anamunyamula ngati mwana, akulira poyera, osabisa, akungoti, "Mwana wanga, mwana wanga."

Anamugoneka pamthunzi, n'kumamupatsa madzi pang'onopang'ono pachivundikiro cha botolo. Patapita nthawi maso ake anakhazikika, n'kupeza nkhope ya mchemwali wake. Milomo yake inayesa kumwetulira, n'kutuluka magazi.

"Mwachedwa," ananong'ona.

Nazigubu anaseka ndi kulira nthawi imodzi, n'kumugwira dzanja.

"Wachedwa ndiwe, chitsiru iwe. Ukanachipeza msanga chigubuchi bwenzi uli kunyumba kalekale."

"Ndinachipeza kale."

"Wati chiyani?"

"Tsiku lomwe injini inafa, madzulo ake. Tinkayendera limodzi, icho apo, ine apa. Ndikadzuka, chilipo. Ndikanangotambasula nkhafi."

"Ndiye bwanji sunachikweze?"

Mzime anamuyang'ana. Pankhope yake panalibe nthabwala ngakhale pang'ono.

"Paja munati ndisadzachikhudzenso. Ndinkati amalume andipeza, ndisachite kukulakwirani. Koma dzulo ludzu linandikulira, achem..." Anaima, ngati munthu wofika pakhomo pomwe anathamangitsidwapo. "Pepani."

Nazigubu anali ataimirira pamaso pa bwalo lonse tsiku limenelo osagwada, anali atayankha amalume ake mawu pa mawu, koma apa anangokhala pansi m'madzi a m'botimo. Masiku onse aja mlongo wake ankapsa ndi dzuwa, thandizo lili pamtunda wa nkhafi imodzi, ndipo chimene chinamumanga manja sichinali nyanja kapena mphepo. Chinali pakamwa pa iye mwini.

"Malizitsa," anatero, misozi ikugwera padzanja la Mzime. "Unanditchula kuti chiyani? Malizitsa, ndimve."

"Achemwali."

Amalume anamangirira kaboti kaja kumbuyo, anapukuta nkhope ndi chipewa, n'kuloza chigubu chimene chinali chidakali pachingwe.

"Nanga ichi? Tichibwezere m'madzi, ntchito yako ingaonongeke."

"Chisiyeni momwemo," anatero Nazigubu. "Akadzachira adzandibweretsere yekha ku ofesi, atasenza pamutu."

Boti linatembenuka kulunjika kunsonga, komwe mphepo inkawadikira. Mzime anagona tulo mutu uli pamiyendo ya mkazi wake. Nazigubu anakokera chigubu chija pafupi n'kuchiika pamiyendo pake kuti chingagubuduke. Chinali chotentha ngati mwana wodwala malungo, ndipo pa penti yachikasuyo panali zidindo za zala.

Kumtunda ku ofesi kuja, m'kachipinda kopanda munthu kamene chitseko chake chinasiyidwa chotsegula, mzere wa pakompyuta uja unali kukwerabe.